Chipsera pa Chithunzi cha Ndere

1. Mtsikana wa pamasitepe

Dzina lake lenileni linalembedwa pa kakhadi kamene ankakoloweka pachifuwa, koma palibe ankawerama kuti aliwerenge. M'labotale monse ankangomuti Kachete. Dzinali linachokera kwa mnyamata wina wanthabwala tsiku loyamba lomwe, ndipo linamumatirira ngati chisoso pa siketi.

Kachete anali wophunzira wa pa sukulu ya ukachenjede. Anamutumiza ku labotaleyi kuti akaphunzire ntchito pa nthawi ya tchuthi, anzake onse atapita kwawo. Ku nyumba yogona ophunzira anatsala yekha khonde lonse. Akatsokomola, khoma linkamubwezera chifuwa chake chomwe.

Kuntchito nako zinali chimodzimodzi. Nthawi ya tiyi ikakwana, onse ankavula magolovesi n'kukadzaza kachipinda ka kumapeto, momwe munali tebulo limodzi ndi mipando yokwanira eni ake okha. Palibe anamuthamangitsa, komanso palibe anamuitana. Iye ankatenga buledi wake n'kukakhala pamasitepe akuseri, pafupi ndi masilinda a gasi, n'kumamvetsera kuseka kotuluka pazenera.

Kalikokha n'kanyama. Tisabise mawu, mtsikanayu anasungulumwa kwambiri.

2. Sikelo

Ntchito ya labotaleyi inali kufufuza ndere, koma osati zobiriwira za pamiyala ya mumtsinje. Mabakiteriya akachulukana pamalo amodzi amadzimangira chinthu choterera n'kubisalamo, ndipo akatero mankhwala amangodutsa pamwamba osawakhudza. Ndere zotere zimamera m'timapaipi timene madokotala amaika m'thupi mwa odwala. Wodwala amamwa mankhwala mpaka kutopa, koma matenda ali phee.

Pofuna kudziwa zomwe tizilomboti timapanga m'kati mwa nyumba yawoyo, ankagwiritsa ntchito makina aakulu ngati kabati ya zovala. Makinawo anali ndi dzina lalitali lachizungu, koma aliyense ankangowati Sikelo. Wowayang'anira anali mayi wina waimvi, dokotala wa sayansi, amene anakalambira pa ntchitoyi. Onse ankawatchula kuti Mayi a Sikelo, ndipo ngakhale a Pulofesa, mkulu wa labotale yonse, sankagwira batani lililonse popanda chilolezo chawo.

Tsiku limene anauza Kachete kuti mawa lake ayesa yekha, mayiwo anamukhazika pansi.

"Mwanawe, tchera khutu," anatero. "Sikelo uyu sayeza chimanga. Amayeza tinthu tating'onoting'ono tomwe diso silingaone. Timaika ndere pa kagalasi, tiziumitse, tizipopere mankhwala othandizira, kenako tizilowetse umu. M'katimo kuwala kwamphamvu kotchedwa leza kumajompha kadontho kamodzikamodzi, monga nkhuku ikutola mapira. Pamene kwajompha, tinthu tija timauluka, Sikelo n'kutiyeza kulemera, kompyuta n'kupakapo mtundu. Pomaliza timakhala ndi chithunzi chotiuza kuti apa tizilombo tikupanga chakuti, apo tikupanga chakuti.

"Koma Sikelo alibe nzeru zosankha. Sadziwa kuti ichi n'cha tizilombo, ichi n'cha munthu. Chimene wamupatsa, amayeza. Thukuta lako amayeza, sopo amayeza, mafuta odzola ndiye amawakonda zedi. N'chifukwa chake tsiku la Sikelo sudzola kanthu, ngakhale manja atuwe ngati a womanga nyumba. Magolovesi suvula. China chikakuvuta, siya pomwepo ukaitane munthu. Ndaona ana anzeru akugwa chagada chifukwa cha manyazi onena kuti 'ndithandizeni.' Safunsa anadya phula, mwanawe. Ndipo usaiwale ichi: chidutswa cha kapaipi chikalowa mu Sikelo sichigwiranso ntchito kachiwiri. Chatha, chatha. Wodwala amene anatipatsa sangatipatsenso china."

Kachete anagwedeza mutu. Funso anali nalo, lokhudza magolovesi amene ankamukulira, koma linamuthera pakhosi monga mwa masiku onse.

3. Mafuta a amayi

Mmawa wa tsikulo, asananyamuke, foni inalira. Anali amayi ake.

"Mwanangu, mawu akowa akumveka adzimbiri," anatero amayiwo. "Chidzukire walankhula ndi munthu? Ukumadya ndi anzako?"

"Ndikumadya nawo, amayi."

"Usandinamize, ndinakubala ndine. Tamvera. Kumene uliko ndiwe mlendo. Mlendo sathyola chitseko, koma sakhalanso panja mpaka mvula kumunyowetsa. Gogoda. Pereka moni, funsa, wina akaseka seka naye. Anthu si afiti onse, ena amangokhala otanganidwa. Koma chinthu chimodzi ndikuletse: usadzagule anzako ndi chinthu chomwe si chako. Anthu akakukonda chifukwa cha chovala chobwereka, sugona tulo, umangoganiza za tsiku limene mwini wake adzachifune. Bola akudziwe mochedwa, koma amene akumudziwayo akhale iweyo. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

"Nanga mafuta aja ukudzola?"

"Ndikudzola, amayi."

Mafutawo ankapanga okha amayi akewo, posungunula phula la njuchi n'kusakaniza ndi mafuta a nthangala zimene ankasinja pakhomo. Anamulongedzera kabotolo kamodzi m'chikwama tsiku lonyamuka. Foni itaduka, chipinda chinangoti zii. Kachete anatsegula kabotolo kaja kuti angonunkhiza basi, pakuti fungo lake linali la manja a amayi ake.

Manja akewo anali atasweka chifukwa cha sopo ndi sipiriti wa kuntchito. Posweka kwambiri panali pa chala chachikulu cha kumanja, pomwe panali chipsera chakale. Mpeni unamucheka mopingasa ali mwana akusenda mbatata, n'kusiya kamzere kolowa m'kati. Anatapa kadontho kamodzi n'kupaka pachalapo. Anadziuza kuti akasamba akafika, ndipo anasambadi, koma phula silimvera madzi ozizira.

4. Golovesi

Kapaipi kamene ankafufuza sabata imeneyo kanachokera kwa wodwala wina amene matenda ake anakanika mankhwala onse. Mayi a Sikelo anali atapha kale tizilombo take n'kukadula zidutswa. Chidutswa chapakati, chimene chinali ndi ndere zochindikala, anachisunga mufiriji. Chimenecho chinali cha Wamtali.

Wamtali anali wophunzira wamkulu pa onse, mayi wachitsikana woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Kafukufuku wake anatsala pang'ono kutha, ndipo chidutswa chapakaticho ndicho chinali chomalizira. Akamaliza, ankafuna kukatenga mwana wake wamng'ono amene anamusiya kwa mkulu wake kutali. Chithunzi cha mwanayo chinali chomata pachitseko cha kabati yake.

Kachete anapatsidwa chidutswa cha kunsonga, cha ndere zochepa, choti aphunzirirepo. Anayenera kuchiyala pa kagalasi kuti chigone bwinobwino. Koma chidutswacho chinali ndi makani. Akachipana uku, chinkapindika uko. Magolovesi nawo anali aakulu, zala zake zinkasambiramo, ndipo nsonga zake zinkamatirira pa tepi yomatira chidutswacho pa kagalasi.

Inali nthawi ya tiyi. M'chipinda monse anatsala yekha ndi kulira kwa mapampu a Sikelo.

Anasiya chopanira n'kupita ku kachipinda ka kumapeto. Anaima pachitseko. M'katimo mnyamata wanthabwala uja anali pakati pa nkhani, ndipo anthu ankaseka mpaka kumenya tebulo. Kachete anakweza dzanja kuti agogode, analisiya m'malere kanthawi, kenako analitsitsa n'kubwerera.

Atafika pa tebulo lake anavula golovesi ya kumanja. Anadinikiza m'mphepete mwa chidutswa chija ndi chala chachikulu, kamodzi kokha, ndipo chinagona. Anavalanso golovesi msangamsanga. Anthu atabwerako ku tiyi anamupeza akupopera mankhwala, chilichonse chili m'malo mwake.

"Chagona bwino ichi," anatero Mayi a Sikelo polowetsa kagalasi m'makina. "Uli ndi dzanja labwino."

Aka kanali koyamba kuyamikiridwa chifikire pamalopo.

5. Mwezi wobiriwira

Sikelo sathamanga. Chithunzi chinatuluka mawa lake dzuwa litakwera.

Pakati pake panali mawanga ofiira ndi achikasu, zinthu zimene aliyense ankazidziwa kale. Koma m'mphepete mwa ndere munali china chachilendo, chobiriwira kuti biriwiri, chopindika ngati mwezi wongooneka kumene. Mayi a Sikelo anafunsa kompyuta, imene imasunga mayina a zinthu zambirimbiri zodziwika, koma pa zimenezi sinapereke yankho logwira mtima. Anatuma munthu kukaitana a Pulofesa.

A Pulofesa anabwera magalasi ali pamphumi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anawomba m'manja.

"Taonani pomwe chakhala!" anatero. "M'mphepete mwenimweni, ngati mpanda. Mwina ichi ndicho chimene chimatsekereza mankhwala kuti asalowe. Wakonza chidutswachi ndani?"

Zala zonse zinaloza Kachete. A Pulofesa anatsitsa magalasi, anawerama, anawerenga kakhadi ka pachifuwa pake, n'kumutchula dzina lake lenileni pamaso pa onse. Mtsikanayo anamva kutentha m'maso. Dzinali ankangolimva pafoni pokha chiyambire tchuthi.

Anasendera pafupi kuti naye aone bwino. Apo ndi pomwe anaona kamzere kakuda, kowonda, kodula mwezi wobiriwira uja mopingasa.

"Nanga kamzere aka?" anafunsa mnyamata wanthabwala.

"Mwina ndi ngalande," anayankha a Pulofesa. "Ndere zimakhala ndi tinjira todutsa madzi."

Kachete anayang'ana chala chake chachikulu. Anayang'ananso pa kompyuta. Kupendekeka kwake kunali komweko, ngakhale kokhota kakang'ono ka kumapeto kanali komweko. Sikelo anali atayeza mafuta a amayi ake, ndipo pomwe chipsera chinalowa m'kati osakhudza chidutswa, anasiyapo mdima. Pang'onopang'ono analowetsa dzanjalo m'thumba la jekete lake loyera.

6. Mpando wowonjezera

Nthawi ya tiyi itakwana, Kachete anatenga buledi wake kuti azipita kumasitepe.

"Iwe, ukupita kuti?" Anali Wamtali, atanyamula kampando kochokera m'chipinda china. "Lero ukhala ndi ife. Munthu wotulukira mwezi masana sadyera panja."

Anamuikira kampandoko pakati penipeni. Wina anamupatsa kapu yokhala ndi chogwirira, wina anamusunthira shuga. Anamufunsa za kwawo, za abale ake, ngati ali ndi chibwenzi. Mnyamata wanthabwala analumbira kuti kuyambira tsikulo dzina la Kachete lafa, tsopano ndi Mayi Mwezi. Anthu anaseka, iyenso anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake komwe.

Tiyi anamwa ndi dzanja lamanzere.

Zimene ankazilakalaka nthawi yonse ija anazipeza, ndipo zinali zokoma monga momwe ankaganizira. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Aliyense akamumwetulira, chala chija chinkagunda m'thumba ngati chili ndi mtima wakewake.

7. Funso la Mayi a Sikelo

Masana a Pulofesa anaitanitsa onse m'chipinda cha Sikelo. Chithunzi chija anali atachisindikiza chachikulu n'kuchimata pakhoma.

"Sitinganene kanthu kunja tisanabwereze," anatero. "Ndipo tiyenera kubwereza pa kapaipi komweka. Chatsala n'chidutswa chapakati. Chimenecho chikonzedwe mawa, ndi munthu yemweyu, m'njira yomweyi."

 Aliyense ankadziwa kuti kafukufuku wa Wamtali ankafuna mankhwala opopera amtundu wina. Chidutswa chimodzi sichilandira mankhwala awiri.

"A Pulofesa," anatero Wamtali motsitsa mawu, "kapaipi kotere sikabwera kawirikawiri. Ndikhoza kudikira mpaka chaka chamawa."

"Ndikudziwa, ndipo pepa. Koma ichi chikakhala choona, chidzathandiza odwala ambiri."

Apa Mayi a Sikelo anaimirira.

"A Pulofesa, ndiloleni ndilankhule, pakuti imvizi ndinazipezera pa makina omwewa. Chinthu chokongola kwambiri chimandiopsa. Ndinaonapo anthu akuthamangitsa chinthu chachilendo chaka chathunthu, kenako n'kupeza kuti chinali sopo wotsukira mabotolo. Panthawi yonseyo odwala anali kudikira, ndipo ena sanadikire mpaka mapeto. Kulakwitsa si mlandu muno. Tonse tinatayapo zidutswa, ine ndemwe ndinatayapo zosawerengeka. Mlandu ndi kubisa, chifukwa cholakwa chobisika chimadya ntchito ya anzako, ndipo chimadya mwakachetechete ngati chiswe. Tisanalande Wamtali chidutswa chake, ndifunse kaye."

Anatembenukira kwa Kachete. Mawu awo sanali aukali.

"Mwanawe, palibe akukalipire. Chilipo chimene unachita mosiyana ndi mmene ndinakuuzira? Chilipo chimene chinakhudza chidutswa chija?"

Kachete anayang'ana mayiwo. Anayang'ana Wamtali, amene maso ake anali pansi. Kudzera pachitseko chotsegula ankaona kachipinda ka tiyi, ndipo kampando kaja kanali kadakali pakati, palibe anakabweza. Akanangotulutsa dzanja m'thumba, nkhani yonse ikanathera pomwepo.

"Palibe, Mayi," anatero. "Ndinatsata zonse."

Mawu amenewa anatuluka bwinobwino, osathera pakhosi ngati ena aja. Mayi a Sikelo anamuyang'ana kanthawi, kenako anagwedeza mutu n'kukhala pansi. Anamukhulupirira, ndipo chimenecho chinamupweteka Kachete kuposa mbama.

Wamtali anatuluka m'chipindamo. Podutsa pa kabati yake anakonza ngodya ya chithunzi cha mwana wake imene inamatuka.

8. Pamasitepe akuseri

Anthu ataweruka, Kachete sanapite ku nyumba yogona. Anakakhala pamasitepe ake aja. Mnyamata wanthabwala anamukuwira ali pageti kuti, "Mawa, Mayi Mwezi!" ndipo iye anakweza dzanja lamanzere. Tsopano anali ndi anzake, koma kusungulumwa kwa madzulo amenewo kunaposa kwa masiku onse. Kale panalibe womudziwa. Tsopano onse ankadziwa munthu wina amene kulibe.

Chitseko chakuseri chinalira. Anali Wamtali, maso ali ofiira pang'ono. Anakhala pa sitepe yomweyo n'kutambasula miyendo yake yaitali.

"Ndinadziwa kuti ndikupeza pano," anatero. "Sitepe iyi inali yanga chaka changa choyamba. Ndinkadyera pomwe wakhalapo."

"Inuyo, asisi?"

"Ineyo. Ndinkakuona pazenera masiku onsewa, n'kumati azolowera monga ndinazolowerera ine. Ndinalakwa. Munthu sazolowera, amangosiya kudandaula. Pepa."



"Za chidutswa usadandaule," anapitiriza Wamtali. "Ndalira kale kubafa, zatha. Mkulu wanga ndamuimbira kuti mwana akhalabe komweko. Wandinena, koma amusunga. Ngati chimene wapezachi chingachiritse munthu mmodzi yekha, chaka changa si kanthu. Ndangopempha chinthu chimodzi kwa a Pulofesa, kuti mawa ndikhale pambali pako kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndikufuna ndione mmene manja akowa amachitira."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kakiyi ka bokosi la mufiriji, momwe munali chidutswa chapakati.

"Landira. Ayi, osati ndi lamanzere, amayi ako sanakuphunzitse? Bweretsa lamanja."

Anagwira yekha dzanja lamanja la Kachete, analitambasula, n'kuikapo kakiyi. Kenako anaseka.

"Koma iwe! Tonse muno manja ali ngati khungwa la mtengo, chala chako chokha chili see. Ndipo chikununkhira uchi. Umadzola chiyani?"

Anachitembenuza chalacho kuti achione bwino. Dzuwa la madzulo linagwera pa chipsera chija, kamzere kowonda kopingasa, kokhota pang'ono kumapeto.

Kuseka kwa Wamtali kunazima. Anayang'ana chipseracho nthawi yaitali. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana zenera la chipinda cha Sikelo, momwe chithunzi chachikulu chija chinkaonekera pakhoma.

Anamutchula dzina lake lenileni, motsitsa mawu kwambiri.

"Dzuka," anatero, dzanja lija asanalisiye. "Tiye tikaonenso mwezi wako uja."